Kodi anthu a Arya anachokera kuti? Mlandu wa chinenero, mapale ndi mafupa

Mu September 2019, magazini awiri a sayansi, Science ndi Cell, anatulutsa pa nthawi imodzi zotsatira za kafukufuku wa DNA ya anthu amene anamwalira zaka masauzande zapitazo ku India ndi m'mayiko oyandikana nalo. Kutacha, nyuzipepala zina za ku India zinalemba kuti nkhani yakuti anthu a Arya anachokera kunja yafera pomwepo. Zina zinalemba kuti nkhani yomweyo yatsimikizika. Chonsecho ena mwa akatswiri amene analemba malipoti awiriwo anali anthu omwewo.

Mafupa amodzimodzi angaikire bwanji umboni mbali zonse ziwiri za mlandu? Vuto lagona pakuti mkanganowu uli ndi mafunso angapo amene anthu amawamanga mtolo umodzi. Lina ndi la chinenero: chinachokera kuti? Lina ndi la zinthu zimene ofukula amapeza m'nthaka: ndani anamanga mizinda, ndani anaumba miphika? Lina ndi la magazi: makolo a anthu a lero anali ndani? Chinenero, miphika ndi magazi nthawi zina zimayendera limodzi, nthawi zina chilichonse chimatenga njira yake. Tiyeni timasule mtolowu pang'onopang'ono.

Dzina lenilenilo

Mawu akuti arya ndi akale kwambiri. Amapezeka mu Rigveda, nyimbo zopatulika zakale kwambiri za Ahindu, komanso mu Avesta, malemba a chipembedzo cha Zoroaster ku Iran. Ndi dzina limene anthu ankadzitchula okha. Linkanena za munthu wa kwathu, wolankhula monga ife, wopereka nsembe kwa milungu yathu mwa mwambo wake. M'kupita kwa nthawi linayamba kutanthauza munthu wolemekezeka. Dzina la dziko la Iran linachokera pa mawu omwewa, ndipo mfumu Darius Woyamba wa Persia, amene analamulira kuyambira 522 mpaka 486 BC, analembetsa pamanda ake ku Naqsh-e Rustam kuti iye ndi Arya.

Dzinali linaipitsidwa ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1800 olemba ena analisandutsa dzina la mtundu wa anthu oyera khungu amene ankati ndi oposa anzawo onse, ndipo chipani cha Nazi ku Germany chinatenga bodzali n'kuphera nalo anthu mamiliyoni. Max Müller, katswiri wa Sanskrit (chinenero chakale cha malemba opatulika a Ahindu) amene anathandiza kutchukitsa mawuwa, anachenjeza mu 1888 kuti arya ndi nkhani ya chinenero, osati ya magazi, tsitsi kapena chigaza. Chenjezolo linabwera madzi atafika kale m'khosi.

Ife tili ndi chofanana nacho pafupi. Mawu akuti Bantu anayamba ngati dzina limene Wilhelm Bleek anapatsa gulu la zinenero zapachibale, koma boma la tsankho ku South Africa linawasandutsa chidindo choponderezera anthu akuda, mpaka kukhala dzina la lamulo la maphunziro la 1953. Akatswiri a zinenero amawagwiritsabe ntchito lero m'tanthauzo lake loyamba. N'chimodzimodzinso ndi Indo-Aryan. Ndi dzina la nthambi ya zinenero: Hindi, Urdu, Bengali, Punjabi, Marathi, Gujarati, Nepali, Sinhala ya ku Sri Lanka, ngakhalenso Romani ya anthu a Roma ku Ulaya. Olankhula zinenerozi amaposa 800 miliyoni. Gujarati imene imamveka m'masitolo ena a ku Limbe ndi ya m'nthambi imeneyi. Kum'mwera kwa India kuli banja lina losiyana nalo, la Dravidian, mmene muli Tamil, Telugu, Kannada ndi Malayalam.

Banja la zinenero

Mchewa akamva Mzulu akuti umuntu, Mswahili akuti mtu, sachita kuuzidwa kuti mawuwa ndi munthu wathu yemweyu. Zitatu, -thathu, tatu: chibale chikuonekera poyera. Zinenero zikafanana motere m'mawu a pansi penipeni, a manambala, a ziwalo za thupi, a ubale, komanso m'kapangidwe ka ziganizo, ndiye kuti zinachokera kwa kholo limodzi.

Mu February 1786, William Jones, woweruza milandu wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Calcutta, anauza bungwe la Asiatic Society kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini n'zofanana kwambiri moti ziyenera kuti zinatumphuka pa kasupe mmodzi, amene mwina kulibenso. Ena anali ataziona kale, koma mawu a Jones ndi amene anamveka patali. Bambo mu Sanskrit ndi pitar, m'Chilatini pater. Mayi ndi matar ndi mater. M'bale wamwamuna ndi bhratar ndi frater. Zisanu ndi ziwiri ndi sapta ndi septem. Banja lonseli linatchedwa Indo-European, ndipo mu 1816 Franz Bopp anayamba kuyerekeza maverebu ake mwadongosolo.

Chimene chimatsimikizira chibale ndi kusintha kwa mamvekedwe kotsata lamulo. Pamene Sanskrit ili ndi s, zinenero zakale za ku Iran zimakhala ndi h. Sapta ndi hapta. Chakumwa chopatulika soma ndi haoma. Mtsinje wa Sindhu, umene lero ndi Indus, Aperisiya ankautchula Hindu, ndipo mayina akuti Hindu ndi India anachokera pomwepo. Chinenero cha Rigveda ndi cha zigawo zakale za Avesta n'zoyandikana ngati ana a bere limodzi, umboni wakuti makolo a olankhula ziwirizi anakhalapo pamodzi asanapatukane.

Poyamba ena, monga Friedrich Schlegel mu 1808, ankaganiza kuti Sanskrit ndiye mayi wa banja lonse ndipo kwawo kwa onse ndi ku India. M'zaka za m'ma 1870 zinadziwika kuti Sanskrit inaphatikiza mavawelo atatu akale, e, o ndi a, kukhala a mmodzi, pamene Chigiriki chinawasunga onse. Mwana sangasunge chimene mayi ake analibe. Apa Sanskrit inaoneka kuti ndi mmodzi wa ana, ngakhale kuti ndi mwana wamkulu wosunga zambiri za makolo. Pafupifupi onse otsutsana pa mlanduwu amavomereza chibalechi. Akulimbana pa za kumene kholo lija linkakhala, ndi amene anasamuka.

Rigveda, mboni yoyamba

Rigveda ili ndi nyimbo 1,028 zogawidwa m'mabuku 10. Kwa zaka mazana ambiri sinalembedwe. Ansembe ankailoweza pamtima, mphunzitsi kupatsira wophunzira, ndipo anakonza njira zoilakatulira liwu ndi liwu, kutsogolo ndi chambuyo, kuti ngakhale kamvekedwe kamodzi kasasokonekere. N'chifukwa chake akatswiri amaikhulupirira ngati chithunzi cha chinenero cha nthawi imene inapekedwa.

Dziko la m'nyimbozi ndi la mitsinje isanu ndi iwiri, dera la Punjab ndi madera oyandikana nalo, ku Pakistan ndi kumpoto chakumadzulo kwa India wa lero. Chuma chake ndi ng'ombe, moti amodzi mwa mawu otanthauza nkhondo, gavishti, kwenikweni amatanthauza kufuna ng'ombe. Muli mahatchi ndi magaleta othamanga, muli balere, muli moto wa nsembe Agni, muli Indra wogumula malinga. Muli adani otchedwa Dasa ndi Dasyu, ndiponso nkhondo za pakati pa mafuko a Arya okhaokha, monga ya mfumu Sudas ndi mafumu khumi m'mbali mwa mtsinje wa Parushni, umene lero ndi Ravi.

Tsiku la kupekedwa kwake mulibe. Müller anawerengera chobwerera kuchokera nthawi ya Buddha, kupatsa gawo lililonse la malemba zaka pafupifupi 200, n'kufika cha m'ma 1200 BC. Iye mwini pambuyo pake anavomera kuti kunali kungoyerekeza, ndipo otsutsa amakumbutsa zimenezi kawirikawiri. Ali ndi mfundo. Komabe akatswiri ambiri a lero, amene amaika Rigveda pakati pa 1500 ndi 1000 BC, amadalira zina: nyimbozi zimadziwa galeta la masipoko koma sizidziwa chitsulo, chimene chimatchulidwa m'malemba a pambuyo pake monga Atharvaveda.

Mizinda ya Indus ndi nkhani ya nkhondo

Mu 1921 Daya Ram Sahni anayamba kufukula ku Harappa, ndipo chaka chotsatira R. D. Banerji anayamba ku Mohenjo-daro, malo onse awiri m'chigwa cha Indus, ku Pakistan wa lero. Mu 1924 John Marshall analengeza kuti apeza chitukuko chimene dziko linali litachiiwala. Chinafika pachimake pakati pa 2600 ndi 1900 BC, ndipo malo ake opitirira 1,000 akudziwika tsopano, kuphatikizapo Dholavira, Lothal, Kalibangan ndi Rakhigarhi. Munali misewu yoongoka, zitsime, ngalande zophimbidwa zochotsa madzi oipa, ndi njerwa za muyezo umodzi kulikonse: m'litali kuwirikiza kawiri m'lifupi, m'lifupi kuwirikiza kawiri kuchindikala kwake.

Taganizani kachidindo ka mwala wofewa, ka ngodya zinayi, kokwana pachikhatho cha mwana. Pakati pajambulidwa nyama yonga ng'ombe ya nyanga imodzi. Pamwamba pali tizizindikiro tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Zidindo zoterezi zapezeka masauzande, zina mpaka ku Mesopotamia. Palibe amene wakwanitsa kuwerenga zizindikirozo mokhutiritsa akatswiri anzake, chifukwa zolembazo n'zazifupi kwambiri ndipo sipanapezeke cholembedwa m'zinenero ziwiri chotsegulira khomo. Choncho anthu amene akanathetsa mlanduwu ndi liwu limodzi ali chete.

Mu 1947 Mortimer Wheeler analumikiza zinthu ziwiri: mafupa a anthu opezeka m'misewu ndi m'nyumba za Mohenjo-daro, ndi Indra wogumula malinga uja. Anati Indra ndiye woimbidwa mlandu wowononga mizindayo. Iyi ndi nkhani imene mabuku a sukulu anaphunzitsa kwa zaka zambiri, yakuti gulu la ankhondo linalowa ndi magaleta, kupha ndi kupitikitsa eni nthaka. Mu 1964 George Dales anasonyeza kuti mafupawo, a anthu osakwana 40, sanali a nthawi imodzi, ndipo panalibe zizindikiro za mzinda wotenthedwa kapena zida za nkhondo zomwazika. Kafukufuku wa pambuyo pake analoza ku kuchepa kwa mvula ndi kusintha kwa mitsinje. Anthu anachoka m'mizinda pang'onopang'ono, ambiri kulowera kum'mawa ndi kum'mwera, n'kukakhala m'midzi ing'onoing'ono.

Mfundo iyi ndiyofunika kuigwira bwino, chifukwa ndi pamene mikangano yambiri imasocherera. Nkhani ya nkhondo yolanda dziko inatayidwa ndi akatswiri zaka zoposa 50 zapitazo. Munthu akaigwetsa lero wagwetsa nyumba imene eni ake anasamukamo kale.

Ganizo la kusamuka

Limene linalowa m'malo mwake, ndipo likugwiridwa ndi akatswiri ambiri a zinenero ndi a DNA, ndi lakuti magulu a abusa a ziweto analowa m'timagulu, kwa mibadwo ingapo, pakati pa 2000 ndi 1500 BC, mizinda ya Indus ikutha kale mphamvu. Anakwatirana ndi eni dera, ndipo chikhalidwe cha Rigveda chinabadwira m'kusakanikiranako, pa nthaka ya Punjab.

Ulendowo amaulondola motere. Kumpoto kwa nyanja za Black Sea ndi Caspian kuli zidikha zazikulu za udzu wokhawokha, kumene abusa otchedwa Yamnaya ankakhala cha m'ma 3000 BC. Marija Gimbutas ndiye anatchukitsa ganizo lakuti banja la Indo-European linafalikira kuchokera kumeneko, ndipo David Anthony analikulitsa. Mbadwa zina za abusawa zinapita ku Ulaya, zinasakanikirana ndi alimi a kumeneko, kenako zina zinabwerera kum'mawa. Cha m'ma 2000 BC tikuwapeza ku Sintashta, kum'mwera kwa mapiri a Ural ku Russia, m'midzi yotchingidwa ndi malinga, akusungunula mkuwa. M'manda awo muli mahatchi operekedwa nsembe ndi zizindikiro za mawilo a masipoko zodindika m'dothi, magaleta akale kwambiri a mtundu umenewu amene apezekapo. Kuchoka apo njira imatsikira kum'mwera, kudutsa m'mizinda ya ulimi wothirira monga Gonur ku Turkmenistan, imene Viktor Sarianidi anafukula. Akatswiri ena amati mawu a ngamila ndi njerwa, amene Sanskrit ndi zinenero za ku Iran zili nawo koma abale awo a ku Ulaya alibe, anabwerekedwa m'dera limeneli.

Zinenero zimasiya mapazi m'njira. Chifinishi, chimene si cha banja la Indo-European, chimati sata potanthauza 100, ndipo Sanskrit imati shata. Mawu obwereka otere alipo ambiri m'zinenero zapachibale ndi Chifinishi, zomwe makolo ake ankakhala m'nkhalango za ku Russia. Kubwerekana kumafuna anthu oyandikana. Mbali inayo, Sanskrit ili ndi mamvekedwe otchulidwa lilime litapindikira kumwamba, amene ndi ofala m'zinenero za Dravidian koma Chigiriki, Chilatini ndi Avesta zilibe. F. B. J. Kuiper anawerenga mawu oposa 300 mu Rigveda amene sakuoneka kuti ndi a banja la Indo-European, ambiri a zomera, ulimi, nyimbo ndi mayina a anthu. Umu ndi mmene chinenero cha alendo chimaonekera chikakhazikika pakati pa eni mudzi.

Umboni wina wochititsa chidwi unachokera kutali ndi India. Ku Boğazköy ku Turkey, likulu lakale la Ahiti, kunafukulidwa mapale olembedwa. Limodzi ndi pangano la m'zaka za m'ma 1300 BC pakati pa mfumu Suppiluliuma ndi Shattiwaza wa ufumu wa Mitanni, kumpoto kwa Syria ndi Iraq. Pa mndandanda wa milungu yochitira umboni pali Mitra, Varuna, Indra ndi Nasatya, milungu ya mu Rigveda. Ena ndi malangizo ophunzitsira mahatchi a galeta a mwamuna wa ku Mitanni dzina lake Kikkuli. Powerenga maulendo ozungulira bwalo iye akuti aika, tera, panza, satta, na, kutanthauza 1, 3, 5, 7 ndi 9. Sanskrit imati eka, tri, pancha, sapta, nava. Anthu wamba a ku Mitanni ankalankhula Hurrian, chinenero china kotheratu, ndipo mawuwa anangotsalira m'mayina a mafumu, a milungu ndi m'ntchito ya mahatchi. Ogwira ganizo la kusamuka amati gulu limodzi linagawikana ku Central Asia, ena kumadzulo, ena ku India. Otsutsa amati anthuwa anachokera ku India komweko.

Kodi kagulu kochepa kangasinthe chinenero cha dera lalikulu? Mbiri imayankha mbali zonse. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835, anapambana nkhondo zambiri, koma anakwatira akazi a mitundu imene anaipeza, ndipo zidzukulu zawo zambiri lero zimalankhula Chichewa kapena Chitumbuka. Ku Hungary zinatembenuka: okwera mahatchi amene anafika cha m'ma 895 AD anasiya chinenero chawo chikulankhulidwa mpaka lero, pamene magazi awo ndi ochepa mwa anthu a kumeneko. Chimene chimagamula ndi chinenero chimene chili ndi ulemu, cha nsembe, cha bwalo la mfumu, chimene kholo limafuna kuti mwana wake achidziwe.

Ganizo lakuti ndi eni nthaka

Mbali iyi ili ndi magulu awiri amene sayenera kusokonezedwa. Loyamba limangoti kusamukako sikunatsimikizike mokwanira. Jim Shaffer, wofukula za m'mabwinja wa ku America, anatsindika kuti m'nthaka ya kumpoto chakumadzulo kwa India miphika, nyumba ndi ulimi zimasintha mwapang'onopang'ono, popanda mpata woonekeratu wa anthu atsopano. Lachiwiri limapita patali, likuti anthu a Indus ndi omwewo a Rigveda, ndipo ena amawonjezera kuti banja lonse la Indo-European linatuluka ku India. Mayina odziwika apa ndi B. B. Lal, amene anatsogolerapo bungwe la boma lofukula za m'mabwinja ku India, Shrikant Talageri ndi Koenraad Elst.

Mfundo yawo yoyamba ndi yosavuta kumva: Rigveda sikumbukira dziko lina lililonse kumene makolo anachokera. Anthu amene anasunga nyimbo 1,028 liwu ndi liwu akanaiwala bwanji ulendo waukulu chotero? Enawo amayankha kuti ngati panadutsa mibadwo yambiri nyimbozo zisanapekedwe, kuiwala n'kosadabwitsa, ndipo Agiriki akale nawonso sankakumbukira kuti chinenero chawo chinachokera kwina.

Mfundo yachiwiri ndi mtsinje wa Sarasvati. Rigveda imautamanda kuti ndi mtsinje woposa yonse, woyenda kuchokera kumapiri mpaka kunyanja, ndipo nyimbo ina imautchula pakati pa Yamuna ndi Sutlej. Pamalo amenewo lero pali Ghaggar-Hakra, khwawa lalikulu limene limayenda madzi nthawi ya dzinja yokha, ndipo m'mbali mwake muli mabwinja mazana ambiri a chitukuko cha Indus. Ngati alakatuli anauona uli wodzaza, akutero a mbali iyi, ndiye kuti anakhalako usanaphwe, mizinda idakali ndi moyo. Oyankha amaloza ku kafukufuku wa nthaka wofalitsidwa mu 2017, amene anapeza kuti Sutlej anasiya kudutsa m'khwawalo zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, mizinda isanamangidwe n'komwe, ngakhale kuti akatswiri ena a nthaka amapeza kuti madzi anapitiriza kuyenda nthawi yotalikirapo. Amakumbutsanso kuti Avesta imatchula Haraxvaiti kum'mwera kwa Afghanistan, dzina lomwelo s itasanduka h. Mayina amayenda ndi anthu, monga Blantyre wathu anatengera dzina la mudzi wa ku Scotland. Koma dzinalo silinena lokha kuti linayenda kulowera kuti.

Pa hatchi mpamene mbali iyi imapanikizika. Rigveda yadzaza ndi mahatchi, koma pa zidindo za Indus pali njovu, chipembere, nyalugwe wa mizeremizere ndi ng'ombe ya linunda, hatchi osaoneka. Mafupa opezeka ku Surkotada ku Gujarat anavomerezedwa ndi Sándor Bökönyi kuti ndi a hatchi, koma Richard Meadow ndi Ajita Patel anati akhoza kukhala a bulu wakutchire wa m'deralo. Mu 2018 ku Sinauli, m'chigawo cha Uttar Pradesh, anafukula manda a cha m'ma 1900 BC okhala ndi ngolo za mawilo awiri zokongoletsedwa ndi mkuwa. Ena anazitcha magaleta a nkhondo. Mawilo ake ndi athabwa lathunthu, opanda masipoko, ndipo mafupa a hatchi sanapezeke pambali pake, choncho ena amati zinkakokedwa ndi ng'ombe.

Ganizo lakuti banja lonse linatuluka ku India lili ndi katundu winanso wolemera. Anthu a Roma anachokadi ku India zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo chinenero chawo ndi DNA yawo zimanenabe poyera kumene anachokera. Chizindikiro chotere sichinapezeke m'Chigiriki, m'Chilatini, kapena m'mafupa akale a ku Ulaya. N'chifukwa chake akatswiri a zinenero amene amagwira ganizoli ndi ochepa kwambiri.

Zimene mafupa anena

Tibwerere ku 2019. Lipoti la mu Cell, lotsogoleredwa ndi Vasant Shinde, linali la munthu mmodzi, mayi woikidwa m'manda a ku Rakhigarhi m'chigawo cha Haryana nthawi ya mizinda ya Indus. Ofufuza anayesa mafupa 61, koma kutentha kwa dera kunali kutawononga DNA, ndipo a mayiyu okha ndi amene anapereka zokwanira. Makolo ake anali a mizere iwiri: wina wapachibale ndi anthu akale a ku Iran, umene unapatukana nawo ulimi usanayambe, ndi wina wa alenje akale a ku South Asia. Mzere wa abusa a ku zidikha za udzu munalibe.

Lipoti la mu Science, lotsogoleredwa ndi Vagheesh Narasimhan ndi David Reich, linali ndi anthu akale 523. Mwa iwo, 11 oikidwa ku Gonur ndi ku Shahr-i-Sokhta ku Iran anali ofanana ndi mayi wa ku Rakhigarhi, mwina anthu a Indus okhala kunja, ndipo nawonso analibe mzere wa ku zidikha. Koma anthu oikidwa m'chigwa cha Swat ku Pakistan pakati pa 1200 ndi 800 BC anali nawo, ndipo kuwerengera kunasonyeza kuti unalowa pakati pa 2000 ndi 1500 BC. Lero mzerewu umapezeka mwa anthu ambiri a ku South Asia pa milingo yosiyana, wochuluka kumpoto chakumadzulo ndi m'magulu ena a ansembe a Brahmin, wochepa kum'mwera. Mzere waukulu koposa mwa anthu a lero ndi wa anthu a Indus aja.

Apa ndi pamene mitu ya nyuzipepala inasiyanirana. Shinde anauza atolankhani kuti kusowa kwa mzere wa ku zidikha mwa mayiyu kukugwetsa nkhani ya Arya ochokera kunja. Anzake a ku yunivesite ya Harvard ku America anati n'zimene ganizo la kusamuka limayembekezera: ngati abusawo anafika mizinda itatha, mayi wa nthawi ya mizinda sangakhale ndi magazi awo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo manda amodzi sangalankhulire chitukuko cha malo 1,000. Fupa nalonso silinena chinenero chimene mwini wake ankalankhula. DNA yasonyeza kuti anthu anayenda, ndipo nthawi yake ikugwirizana ndi imene akatswiri a zinenero ankanena. Kuti anthuwo ndi amene anabweretsa chinenerocho ndi mfundo yochita kulumikiza.

Chifukwa chake mitima imapsa

Atsamunda anagwiritsa ntchito nkhaniyi. Herbert Risley, amene anatsogolera kalembera wa 1901, ankayeza mphuno za anthu kuti awaike m'magulu a Arya ndi osakhala Arya. Ena ankati ulamuliro wa Britain ndi abale a Arya akale ongobwera kachiwiri. Amene akudziwa mmene azungu anakanira kwa zaka zambiri kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi anthu akuda, ngakhale Gertrude Caton-Thompson atatsimikizanso zoona zake mu 1929, angamvetse chifukwa chake Mmwenye amakayikira akauzidwa kuti chinthu chake chopatulika chinachokera kunja. Kukayikirako ine sindikuona kuti n'kopanda maziko. Kungoti mbiri yoipa ya ganizo siyokwanira kuligamula kuti ndi labodza kapena loona.

M'kati mwa India momwemo nkhaniyi yakhala chida cha mbali zosiyana. Jyotirao Phule, mu 1873, anaigwiritsa ntchito ponena kuti magulu oponderezedwa ndiwo eni nthaka ndipo a Brahmin ndi obwera. Andale a ku Tamil Nadu, chigawo cha kum'mwera kwa India, anamangapo kudzidziwa kwawo monga a Dravidian. B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa anthu osalidwa, anaikana nkhani ya mtundu wolowa ndi nkhondo, ndipo Swami Vivekananda anaikananso. Kwa omenyera India wa Chihindu, kukhala eni nthaka n'kofunika chifukwa amasiyanitsa zipembedzo zobadwira m'dzikomo ndi zobwera. Mkanganowu unafika m'mabuku a sukulu ku California mu 2005, ndipo mu 2024 bungwe la boma la India lokonza mabuku a sukulu, NCERT, linasintha buku la mbiri la kalasi 12 potsindika zotsatira za ku Rakhigarhi. Mu January 2025 nduna yaikulu ya Tamil Nadu, M. K. Stalin, inalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzawerenge zolemba za Indus.

Mafunso amene adakali poyera

Kholo la banja lonse la Indo-European silinapezeke malo ake motsimikizika. Colin Renfrew mu 1987 analoza ku alimi a ku Turkey. Kafukufuku wa Paul Heggarty ndi anzake mu 2023 analoza kum'mwera kwa mapiri a Caucasus zaka pafupifupi 8,100 zapitazo, ndipo anatsegula mpata wakuti nthambi ya India ndi Iran mwina sinadutse ku zidikha za udzu. Akatswiri ambiri a zinenero amatsutsa njira yowerengera imene anagwiritsa ntchito, koma funsolo lilipo.

Ngati abusawo analowadi, n'chifukwa chiyani miphika ndi manda a mtundu wa ku zidikha sizioneka bwino kum'mwera kwa mapiri a Hindu Kush? Anali angati, amuna okhaokha kapena mabanja athunthu? Chinenero chawo chinapambana bwanji pakati pa anthu ochuluka kuwaposa, mpaka mitsinje yambiri ya kumpoto n'kukhala ndi mayina a Indo-Aryan? A Dasa ndi a Dasyu anali ndani: mbadwa za mizinda ya Indus, anthu a ku Central Asia, kapena a Arya anzawo a miyambo ina? Mafupa a ku Punjab ndi ku Haryana a pakati pa 1900 ndi 1200 BC, nthawi yeniyeni imene mlanduwu ukunena, akadapereka DNA akananena zambiri, koma dothi lotentha ndi mwambo wowotcha maliro zasiya ochepa.

Ndipo pali kachidindo kaja, ndi nyama yake ya nyanga imodzi ndi tizizindikiro tisanu pamwamba. Asko Parpola ndi Iravatham Mahadevan anatha zaka zambiri akuyesa kutiwerenga ngati Dravidian. Ena amati ndi Sanskrit yakale. Ena mu 2004 anafika ponena kuti mwina si zilembo za chinenero n'komwe. Kodi m'misika ya Mohenjo-daro munkamveka chinenero chimodzi kapena zingapo, ndipo mwa izo munali cha banja liti?